Madotolo Awiri ndi Maso a Mwana

 Lero ndikusimbirani mbiri ya madotolo awiri a ku Ulaya ndi cilema cina ca maso.

Alipo ana ena amene amabadwa ngodya za maso ao za kumphuno zitatalikirana, kotero kuti mphuno ioneka yophwatalala ndipo maso aoneka ngati opingasa. Ena mwa iwo ali ndi kamzere ka tsitsi loyera pamphumi, diso lobiriwira ngati thambo, ndiponso makutu osamva. Mwana wotere akabadwa, mai wace amanenedwa zambiri, pena ukwati nkutha.

M'caka ca 1951 Dotolo Petrus Waardenburg, sing'anga wa maso wa ku Holland, atayendera masukulu a ana ogontha m'dziko lace, analemba kuti zizindikiro zonsezi ndi za nthenda imodzi yoyenda m'mtundu. Ndico cifukwa cace nthendayo ichedwa ndi dzina lace. Ipezeka mwa azungu ndi mwa ife anthu akuda comwe. Kawirikawiri, kholo limodzi likakhala nayo, mwana aliyense angaitenge kapena ai, monga ndalama yoponyedwa m'mwamba imagwera mutu kapena mcira. M'caka ca 1992 anzeru anapeza kambeu ka m'thupi kamene kamalakwika, kochedwa PAX3.

Waardenburg anaonetsa cimene cinali bvuto. Wokonza anali wina. Iyeyu ndi John Mustardé, dotolo wa ku Scotland. M'caka ca 1963 iye anafotokoza njira yace. Pakhungu la pakati pa diso ndi mphuno amalembapo mizere yooneka ngati kamunthu kodumpha, nadula motsata mizereyo, nasinthanitsa tizikopa tace. Kenaka amafupikitsa mtsempha womangirira zikope ku pfupa la mphuno, ngodyayo nisendera m'malo mwace. Mpata ukakula kwambiri, madotolo amaboola pfupalo ndi kupyoza waya wosacita dzimbiri womanga mbali zonse ziwiri. Atakalamba, Mustardé anathandiza kukhazikitsa nchito ya maopareshoni otere pa cipatala ca Korle Bu ku Accra, m'dziko la Ghana. Anamwalira mu 2010.

Koma tamverani, makolo anzanga. Mpeni wa dotolo ukonza nkhope, sutsegula makutu. Mukaona zizindikirozi pa khanda lanu, musayambe mwafuna mfiti, kapena kuimba mlandu mai wace. Pitani nalo kucipatala akaliyese makutu likali laling'ono, pakuti mwana wothandizidwa msanga ndiye aphunzira kulankhula, ndi pakamwa kapena ndi manja.

Tsalani bwino nonse.