Mzere wa Makolo: Za M'kamwa ndi Za m'Mabuku

Madzulo ano tikambirane za funso limene mwana wobadwira ku Kitwe kapena ku Mufulira adzafunsa atate wace tsiku lina, kuti, "Kodi agogo a agogo anga anali yani?" Ambiri a ife tikafunsidwa cotero timachula maina awiri kapena atatu, ndipo tathera pomwepo. Komatu funso limeneli si la masewera ai. Limadza pa maliro, pofuna woyenera kulowa dzina la malemu. Limadza pa ukwati, poopa kuti mnyamata angakwatire mbale wace. Limadzanso pamene munthu wopuma nchito abwerera kumudzi kukapempha munda, napeza akulu alikumfunsa kuti iye ndi wa bele liti.

Wofuna kulondola cibale ali nazo mboni ziwiri: m'kamwa mwa akulu, ndi mabuku akale. Mboni iliyonse ili nazo zimene imasunga ndi zimene imataya. Kuti tione bwino cimeneci, titenge nyumba imodzi yodziwika kwa ife tonse, ndiyo nyumba ya Mpezeni, mfumu yaikulu ya Angoni a ku Chipata, kumene kale kunkachedwa Fort Jameson.

Akulu a Cingoni anasunga mbiri yakuti Zwangendaba Jere, pocokera ku mwera ndi anthu ace, anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, ndi kuti tsiku limenelo dzuwa linada usana. Iwo sanachule caka, pakuti sanali kuwerenga zaka monga ticitira ife. Koma akatswiri a zakuthambo ali nao mabuku osonyeza masiku amene kadamsana anaoneka, ndipo m'menemo munapezeka kuti dzuwa linadadi m'dera limenelo mu Novembala 1835. Olemba mbiri ena anaika tsiku la 19, pamene mabuku a zakuthambo asonyeza la 20. Taonani tsono mmene mboni ziwirizi zinathandizirana. Akulu anali ndi nkhani yopanda caka, buku linali ndi caka copanda nkhani, ndipo poziika pamodzi tinapeza cikhomo comangapo mzere wonse wa mafumu a Angoni.

Kucokera pa cikhomo cimeneco mzere uyenda motere. Zwangendaba anafera ku dziko la Afipa, kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika, m'zaka za m'ma 1840, ndipo mtundu unagawikana. Mwana wace Ntuto, ndiye Mpezeni woyamba, anatembenukira ku mwera, nakhala zaka pakati pa Ansenga asanafike ku mapiri a ku Chipata. Mwana wa Mpezeni, Nsingo, anatsogolera nkhondo yomenyana ndi Azungu mu Januwale 1898, ndipo atagwidwa anaomberedwa mwezi wotsatira. Cotero pamene Mpezeni anamwalira mu 1900, ufumu unalumpha mbadwo umodzi nufika kwa mdzukulu, Chiloa mwana wa Nsingo, amene analamula kufikira 1941. Pambuyo pace panadza Pontino Khuzwayo kufikira 1981, ndipo mu 1982 David Njengembaso analowa monga Mpezeni wacinai.

Pano pali msampha woyamba. Munthu wowerenga makalata a boma a 1895, a 1930 ndi a 1970 adzapeza dzina limodzi lokha lakuti Mpezeni, koma eni ace ndi anthu atatu. Pa mfumu yaikulu sitisokera, cifukwa zaka zace zinalembedwa. Nanga pa nyakwawa ya mudzi waung'ono, kapena pa mkulu wa banja amene analowa dzina la amalume ace? Mlembi wa boma analikulemba dzina lomwelo caka ndi caka, osasonyeza kuti mwini wace woyamba anagona kale m'manda. Mukapeza kholo lanu likuoneka m'mabuku ngati linakhala zaka zana ndi makumi awiri, dziwani kuti mwapeza anthu awiri kapena atatu obvala dzina limodzi.

Msampha waciwiri uli pa amai. Angoni a ku Chipata ndi Angoni a ku Mzimba m'Malawi agwirizana kuti Mpezeni, M'mbelwa ndi Mtwalo onse anali ana a Zwangendaba. Pa maina palibe mkangano. Cimene asiyana ndi ici: kodi nyumba yaikulu, yoyenera kubala mfumu, inali ya mkazi uti? A ku Chipata ati inali nyumba ya Soseya, amake a Mpezeni. A ku Mzimba asimba kuti Zwangendaba anapeza tsitsi m'mowa wocokera ku mudzi wa nyumba imeneyo, nakwiya, naucotsera ulemu wace, kotero kuti ufumu unapita ku nyumba ya amake a M'mbelwa. Pepala lolembedwa maina a amuna okha silingathe kuonetsa mlandu umenewu, pakuti mlandu wonse wagona pa akazi. Ndipo pali cinanso. Bwanji Angoni a Mpezeni ambiri alankhula cilankhulo cofana ndi Cinsenga m'malo mwa Cingoni ca makolo ao? Cifukwa ankhondo aja anakwatira akazi a Cinsenga ambirimbiri, ndipo mwana amaphunzira kulankhula ali kumbuyo kwa amake. Maina a amai amenewo ambiri sanalowe m'mzere wina uliwonse, koma mau ao akali m'kamwa mwa adzukulu ao.

Mwa anthu amene anasinkhasinkha za kuiwala kotereku munali John Barnes wa ku Rhodes-Livingstone Institute, amene anakhala pakati pa Angoni a Mpezeni kuyambira 1946 kufikira 1949, nalemba mizere ya mabanja m'midzi yao. Mu 1947 analemba nkhani ya kasonkhanitsidwe ka mizere ya makolo, m'mene anasonyeza kuti anthu saiwala mwangozi. Munthu amakumbukira makolo amene ampatsa malo, dzina kapena colowa, naleka ena onse kuzimirira. Pakati pa Alamba, eni dziko limene pali migodi yathuyi, amene amawerenga cibale kutsata amai, mzere wa akazi unali kukumbukika mibadwo itatu kufikira isanu, pamene wa amuna unali kuthera pa mbadwo umodzi kapena iwiri. Kwa mitundu yotsata atate zinthu zimatembenuka.

Kwa ife Acewa mau amenewa ndi olemera. Mwambo wathu uwerenga munthu m'bele la amake, ndipo nkhoswe ya mbumba ndiye mlongo wa amai. Ngakhale ufumu wa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika umadzera kwa Nyangu, mai wa mafumu. Koma ciongo cimene timalemba pa mapepala, kaya Phiri, kaya Banda, Mwale kapena Mbewe, ambiri timatenga kwa atate. Cotero pepala lisunga mbali imene mudzi ukhoza kuiwala, ndipo mudzi usunga mbali imene pepala silinafunse konse. Wodalira mboni imodzi yokha adzapeza theka la abale ace.

Tsono mabuku akalewo ali kuti, ndipo anena ciani? Oyamba ndi mabuku a ubatizo ndi a ukwati a ku mishoni. Mishoni ya Dutch Reformed inayamba ku Magwero mu 1899 ndi ku Madzimoyo mu 1903, ndipo caka comweco ansembe a White Fathers anakhazikika ku Kachebere, pa malire. M'mabuku otere mumapezeka dzina la wobatizidwa, mudzi wace, tsiku, ndipo kawirikawiri maina a makolo ace. Koma kumbukirani kuti munthu analowa m'madzi ndi dzina lina, naturuka ndi lina, ndiponso kuti mwamuna wa mitala sanali kubatizidwa ali ndi akazi ace onse, kotero kuti ana a nyumba yaciwiri akhoza kusowa m'buku angakhale ali abale anu eni eni.

Aciwiri ndi mabuku a boma. Kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 panali kaundula wa msonkho, wolembedwa mudzi ndi mudzi, ndipo Bwana D.C. aliyense anali kusunga buku la boma lace, m'mene analikulembamo mbiri ya mitundu ndi mizere ya mafumu. Mabuku a mabomawa asungidwa ku National Archives ku Lusaka. Powawerenga, funsani kuti wolemba anali kufuna ciani. Iye anali kufuna amuna opereka msonkho ndi mafumu owasonkhanitsa. Ndipo pamene womasulira anati "mwana wace," mlembi sanafunse ngati ndi mwana womubala, kapena mwana wa mbale wace, pakuti m'cilankhulo cathu onsewo ndi ana, monganso mng'ono wa atate ali atate.

Acitatu ndi mapepala a nchito: citupa ca masiku a Azungu, ndi makalata a makampani a migodi, amene ambiri asungidwa ku Ndola. Pa mapepala otere panali kulembedwa dzina la munthu, mudzi, mfumu ndi boma lace. Dzina likhoza kunama, pakuti anyamata ambiri analembetsa maina a pa nchito, ena nabwereka citupa ca mbale wao. Koma mudzi ndi mfumu sizinama kawirikawiri, ndipo zimenezi ndizo zidzakulozerani khomo loyenera kugogoda.

Kwa inu amene mufuna kuyamba nchito imeneyi, langizo langa ndi ili. Musayambire ku Lusaka, yambirani pa mkeka wa munthu wamkulu woposa onse m'banja mwanu, makamaka agogo aakazi, pakuti mabuku adzadikira koma iwo sadzadikira. Pa munthu aliyense amene achula, funsani maina ace onse: la ubwana, la ku cinamwali, la ubatizo, la pa nchito, ndi limene analowa. Funsani amene anambala, atate ndi amai omwe, ndi ciongo ca aliyense. Akati "mbale wace," funsani ngati ndi wa mimba imodzi. Zaka akapanda kuzidziwa, funsani cimene cinacitika nthawi imeneyo, kaya nkhondo ya 1914, kaya nthenda ya fuluwenza ya 1918, kaya njala ya 1949, pakuti zimenezi ndizo kadamsana wanu. Mukatha ku cimuna, pitani ku cikazi, mulembe zonse ziwiri, ngakhale pamene zitsutsana, pamodzi ndi dzina la amene anakuuzani. Pamenepo mupite ku mishoni ndi ku mabuku a boma kukayesa zimene mwamva.

Akulu anati cibale ndi fupa, siciola. Ndi zoonadi, koma fupa lokwiririka posadziwika palibe amene angaliloze. Ana athu alikukulira m'makomboni, kutali ndi bwalo limene ife tinamverapo maina amenewa usiku. Kabuku kamodzi ka sukulu, kolembedwa bwino ndi kusungidwa m'bokosi, kadzawayankha tsiku limene ife sitidzakhalapo kuti tiyankhe. Tsalani bwino nonse, mugone bwino.