Zofunika kuti munthu achite Masters kapena PhD ya kafukufuku ku University of Cape Town

Makolo ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amatifunsa zimene mwana womaliza digiri yoyamba angachite kuti apitirize maphunziro ku Joni. Titenge chitsanzo cha University of Cape Town, chifukwa malamulo ake amafanana kwambiri ndi a mayunivesite ena a m'dzikolo.

Digiri ya kafukufuku simaphunziro okhala m'kalasi n'kumalemba mayeso. Wophunzira amasankha funso limodzi, kulifufuza, n'kulemba buku limene akatswiri amaliyesa. Buku la Masters silipitirira mawu 50,000, la PhD mawu 80,000. Lamulo limafuna kuti wa Masters akhale m'kaundula kwa chaka chimodzi, wa PhD zaka 2, koma ambiri amatenga nthawi yoposa pamenepa, ndipo banja liwerengere zimenezi.

Choyamba ndi mlingo wa satifiketi. Ku South Africa digiri wamba ili pa mlingo 7, Honours pa 8, Masters pa 9, PhD pa 10. Wofuna Masters ayenera kukhala pa 8. Bungwe la SAQA ndilo limaunika mapepala a kunja n'kunena mlingo wake, ndipo yunivesite ikhoza kufuna chikalata chake. Digiri ikagwera pa 7, mwana amayamba wachita Honours chaka chimodzi. Amene anaphunzira ku Madinah, ku Al-Azhar kapena ku Khartoum adziwe kuti mapepala a Chiarabu amafunika kumasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka mwalamulo, osati mnzawo wodziwa chilankhulocho.

Chachiwiri, chimene ife timachiona ngati chachikulu kuposa magiredi, ndi mphunzitsi woyang'anira kafukufuku. Ngakhale mwana atakhoza bwino chotani, dipatimenti singamutenge ngati palibe mphunzitsi wodziwa nkhani yakeyo amene wavomera kumuyang'anira. Choncho asanadzaze mafomu, awerenge zimene aphunzitsi a dipatimentiyo analemba, asankhe mmodzi, amulembere kalata yaifupi yofotokoza funso lake, kufunika kwake, ndi njira imene adzafufuzire. Kalata yongoti “ndikufuna PhD iliyonse” kawirikawiri siyankhidwa. Funso lochepa koma lomveka, monga la mitengo ya usipa pakati pa msodzi ndi wogula pa doko limodzi, limaposa mutu waukulu ngati “umphawi mu Africa”. Akalandiridwa, iye ndi mphunzitsiyo amasainirana chikalata cha mgwirizano chonena ntchito ya aliyense, ndipo chaka chilichonse amaunika pamene ntchito yafika.

Kafukufuku wokhudza anthu sayamba komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha ofunsidwa isanavomereze. Wodzafunsa anthu kuno kumudzi afunikanso chilolezo cha ku Malawi.

Buku la PhD limayesedwa ndi akatswiri atatu a kunja kwa yunivesiteyo. Akhoza kulivomereza, kulamula kuti likonzedwe, kulibweza kuti lilembedwenso, kapena kulikana. Kukopera ntchito ya wina osamutchula ndi mlandu wochotsetsa sukulu.

Pa za ndalama, Malawi ali mu SADC, kotero ophunzira athu amalipira fizi yofanana ndi eni dziko, kuphatikizapo ndalama ina ya ophunzira akunja. Chitupa cha wophunzira amafunsira asananyamuke, atanyamula kalata yomulandira, umboni wa ndalama zodzisamalira, ndi inshuwalansi ya chipatala yolembetsedwa ku South Africa komweko.