Mlendo ndi Mame? Za ku Jamestown ndi za ku Dombole

Ndili mwana, agogo anga aamuna ankakonda kunditenga pa maulendo awo, ndipo tikafika pamalo ena pakati pa Dombole ndi Chiole ankavula chipewa osanena kanthu. Tsiku lina nditawafunsa anangoti, "Apa mpamene Angelezi anaphera Inkosi Gomani, mdzukulu wanga. Ukadzakula udzafunse chifukwa chake." Agogowo anatisiya ndisanamalize pulaimale. Funso lawo lija landitsata mpaka kuno ku koleji, ndipo chodabwitsa nchakuti yankho lake ndayamba kuliona m'mbiri ya dziko lakutali, ku Virginia, ku America.

M'mwezi wa Meyi 1607 zombo zitatu zinakocheza pamtsinje umene Angelezi anautcha James, dzina la mfumu yawo. Anatsika amuna ndi anyamata 104 namanga mudzi wa Jamestown. Amene anawatuma sanali boma ayi, koma kampani ya amalonda a ku London, Virginia Company, imene inkafuna golide ndi phindu lamsanga. Anzawo anali atayesapo kale pachilumba cha Roanoke, koma pofika 1590 mudziwo unapezeka uli bwinja, anthu osaoneka kumene analowera. Ku Jamestown nakonso zinthu zinayamba moipa. Malowo anali chithaphwi, madzi ake amchere, ndipo ambiri mwa alendowo sankadziwa kugwira khasu. Chinawasunga ndi chimanga cha eni dziko, anthu a mfumu Powhatan. Alendo atayamba kulanda chimangacho ndi mfuti, eni ake anatseka nkhokwe, ndipo m'nyengo yozizira ya 1609 mpaka 1610 munagwa njala yoopsa. Anadya akavalo, agalu ndi makoswe. Mafupa amene akatswiri anaonetsa mu 2013 atsimikiza kuti anadyanso mitembo. Otsala ndi moyo anali ngati 60 okha.

Golide sanapezeke. Chinapulumutsa mudziwo ndi fodya, amene John Rolfe anayamba kubzala mu 1612. Aliyense wobadwira kumudzi akudziwa khalidwe la fodya: amagugitsa nthaka msanga ndipo amafuna manja ambiri. Nthaka anaitenga kwa eni dziko. Manja anayamba ndi Angelezi osauka ogwira ntchito ya ngongole, kenaka mu 1619 anafika anthu akuda oyamba, ogwidwa ku Angola. Mu 1622 Opechancanough, amene analowa ufumu wa Powhatan, anaukira alendowo napha anthu 347 tsiku limodzi. Patangopita zaka ziwiri mfumu ya ku England inalanda dzikolo m'manja mwa kampani nkuliika pansi pa boma. Mu 1646 Opechancanough, ali nkhalamba yotheratu, anagwidwa, ndipo msilikali womulondera anamuwombera kumsana.

Taonani mapazi a nkhaniyi: mlendo afika ndi njala, mwini mudzi amudyetsa, mlendo apeza mbewu ya malonda, mbewuyo ifuna malo ndi antchito, mwini mudzi akana, ndipo boma lakwawo kwa mlendo libwera ndi mfuti. Nditawerenga izi ndinabwerera ku mbiri yathu kukaona ngati mapazi omwewa alimo.

Roanoke wathu ndi Magomero. Mu 1861 David Livingstone anaperekeza Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake kukakhazika mudzi wa mishoni kumeneko. Analowerera nkhondo za Ayao ndi Amang'anja, Mackenzie anafa ndi malungo mu Januwale 1862, njala inagwa, ndipo pofika 1864 otsala anali atasamukira ku Zanzibar. Ulendo wachiwiri ndi umene unamera mizu: mishoni ya Blantyre mu 1876, kampani ya African Lakes mu 1878, ndi boma la Harry Johnston mu 1891. Ambiri mwa oyambawa anali a ku Scotland, ngakhale agogo onse ankangowatcha Angelezi. Fodya wa Rolfe kwathu kuno anali khofi. John Buchanan, amene anadza ngati wolima dimba la mishoni, anatsegula minda yake ku Zomba, ena nkumutsatira. Kuyambira 1892 Johnston anapereka zikalata zotsimikiza kuti malo aakuluakulu a kumapiri a Shire ndi a Azungu, malo amene ambiri anagulidwa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti zochepa.

Nanga Ntcheu akulowamo bwanji? Akulowamo ngati nkhokwe ya manja. Minda ya khofi inkafuna olima ndi amtengatenga, ndipo Angoni ambiri anayamba kutsikira ku Blantyre kukagwira ntchito. Msonkho wa nyumba unawakankhanso, pakuti ndalama zinkapezeka kwa Mzungu yekha. Joseph Booth, Mngelezi amene anafika mu 1892 nayambitsa Zambezi Industrial Mission, ankafuna mishoni zodzidyetsa zokha ndi khofi, ndipo nthambi zake zinafika ku Ntonda, ku Chiole ndi ku Dombole. Chaka cha 1891 chomwecho Angelezi ndi Apwitikizi anali atadula dziko la Amaseko pakati; ndi malire omwe aja timawaona lero pamsewu ku Lizulu, msika mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique. Gomani, mwana wa Chikuse, anaona anyamata ake a nkhondo akusanduka antchito a munthu wina, msonkho ukupita ku boma lachilendo, othawa milandu akubisala pa mishoni. Mu Okutobala 1896 anatentha midzi yoyandikana ndi mishonizo. Asilikali a boma anakwera phiri, namugwira, ndipo pa 27 Okutobala anamupha. Agogo ankati anakana kuyenda womangidwa ngati kapolo, nchifukwa chake anamuwombera panjira.

Pano ndiyenera kunena mau amene Mngoni mnzanga sangawakonde. Ifenso tinali alendo. Makolo athu anachokera kumwera, nakhazikika ku Domwe ndi mikondo, ndipo Achewa ndi Antumba amene tinawapeza sanatiitane. Mu 1884 nkhondo ya Chikuse inawoloka Shire nkukasakaza midzi ya kumapiri. Amene anathawira ku Dombole sanali opusa. Anali kuthawa moto weniweni. Ndiponso amishoni aja anasiya sukulu zimene makolo athu anaphunziramo kuwerenga. Gomani sanali mngelo. Koma sanaphedwe chifukwa cha nkhanza zake zokha. Anaphedwa chifukwa mafumu awiri sangalamulire manja a anthu amodzimodzi, ndipo minda ya khofi inali itawerengera kale manjawo.

Kufanana kukuthera pamenepa. Ku Virginia eni dziko anachepa mpaka kutsala timagulu, alendo nkudzaza dziko lonse. Kwathu sizinatero. Kumeneko nthomba ndi matenda ena obwera ndi zombo ankapha eni dziko; kuno malungo ankapha mlendo. Jamestown anali m'mbali mwa nyanja yaikulu, pamene katundu wa ku Blantyre ankayenda pamutu pa anthu ndi pa sitima za pamtsinje, ndipo njanji inafika mu 1908. Khofi anagwa chitangopita chaka cha 1900 chifukwa cha tizilombo ndi kutsika kwa mitengo. Mzungu wofuna chuma ankaona bwino kupita ku Salisbury kapena ku Johannesburg. Otsala anali zikwi zochepa chabe, ndipo anadalira thonje, tiyi, fodya ndi thangata.

Mbiri ili ndi nthabwala zake zowawa. Booth yemwe uja anatenga John Chilembwe mu 1897 kupita naye ku America, ndipo Chilembwe anakaphunzira ku Lynchburg, m'dziko lomwelo la Virginia, pakati pa zidzukulu za akapolo a m'minda ya fodya. Atabwerako, mu 1915 anaukira esiteti ya A. L. Bruce, imene inali pa Magomero pomwe paja anayambira Mackenzie. Mu 1953 Inkosi Gomani II, mwana wa wophedwa uja, anakana Chitaganya, boma nkumuchotsa paufumu. Anamwalira chaka chotsatira. Ufulu unadza mu 1964.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ku Virginia mame aja anasanduka chigumula. Kwathu anakamukadi patapita zaka 73, koma anasiya malire odula mtundu pakati, maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje, ndi fodya amene takhala tikumudalira ngati kuti tinabadwa naye. Agogo akanakhala moyo ndikanawayankha kuti Gomani anafera manja a anthu ake. Ndipo ndikaona anyamata akwathu akukwera basi pa Ntcheu boma kupita ku Joni, ndimadziwa kuti mlandu wa manjawo sunathe.