Sukulu ya ku Strathewen Itapsa ndi Moto

Aphunzitsi ndi ana nonse, phunziro lathu la mbiri lero likutifikitsa ku dziko la Australia, m'cigawo ca Victoria. Mitengo ya bulugamu imene timabzala kuno kwathu inacokera ku dziko limeneli. Masamba ake ali ndi mafuta, motero lupsa likalowa m'nkhalango ya bulugamu limathamanga koopsa.

Pa 7 February 2009 dzuwa linaomba kwambiri, ndipo mu mzinda wa Melbourne kutentha kunapitirira madigiri 46. Mvula inali itacepa kwa zaka zambiri. Waya wa magetsi unaduka ku Kilmore East nuyatsa udzu wouma, ndipo mphepo yaukali inakankhira motowo ku midzi ya m'mapiri. Moto wa nthawiyo unapha anthu 173 m'cigawo conse, nutentha nyumba zoposa 2,000. M'kamudzi ka Strathewen, mmene munali anthu pafupifupi 200, munafa anthu 27. Sukulu yao ya pulaimale inapsa yonse.

Nanga mudzi wotere umayambiranso pati? Otsala anabalalika, ena kwa abale, ena m'nyumba zongoyembekezera. Mphunzitsi wamkulu, Mai Jane Hayward, sanadikire kuti njerwa zipezeke. Patangopita masiku ocepa anasonkhanitsa ana ake pa sukulu ya ku Wattle Glen, imene inawapatsa malo. Kumeneko ana anaonananso ndi anzao, ndipo makolo pobwera nao m'mawa anali kukomana, kulira pamodzi ndi kupangana za mtsogolo. Nyumba za sukulu zinapsa, koma sukuluyo siinafe.

Akuluakulu naonso anapanga bungwe lao la m'mudzi, kuti eni ake anene zimene ziyenera kuyamba kumangidwa. Anthu a m'Australia ndi a maiko ena anasonkha ndalama zoposa madola 370 miliyoni zothandiza midzi yonse yopsa. Mu October 2010 ana anabwerera ku Strathewen, nalowa m'sukulu yatsopano. Ngakhale zinali tero, si mabanja onse amene anabwerera, ndipo cisoni cinakhalitsa kuposa nchito yomanga.

Mu 2014 anaimika m'mudzimo mtengo wa bulugamu wacitsulo wokumbukira akufa. Masamba ake anasulidwa ndi amisiri a maiko oposa 20. Mu 2016 ozima moto odzipereka a m'deralo anayamba kuphunzitsa ana a magiredi apamwamba za mphepo, kuuma kwa udzu ndi zizindikiro zocenjeza za moto. Anawo anaumba zidole napanga nazo kanema wophunzitsa mabanja kukonzekera. Mantha ao anasanduka nzeru yothandiza ena.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti mudzi umayamba kucira pamene anthu ake apezanso malo okomanirana. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo anthu a ku Strathewen anacitira umboni mau amenewa.

Aphunzitsi, phunziro likatha turukani ndi ana muzungulire sukulu yanu. Onani ngati udzu unalambulidwa m'mbali mwa nyumba ndi nkhokwe zapafupi isanafike miyezi yotentha ya September ndi October. Kenaka afunseni anawo kuti: moto utabwera lero, tingakomane kuti, ndipo angawerenge maina athu ndani?