Chinguluwe: mudzi umene unabadwira pa pepala

Ukatsika mapiri a ku Dowa kulowera ku Salima, makutu amatseka, malaya n'kumata pamsana. Basi dziwa kuti walowa m'chigwa. Ine ndinafika ku Chinguluwe dzuwa lili paliwombo, fumbi lili mbuu, milambe itangoima ngati nkhalamba zodikira mlandu.

Poyamba palibe chodabwitsa: timagolosale, chigayo, njinga za kabaza pamthunzi. Kuzambwe kuli mapiri amene ndinatsika aja, kuvuma kuli nyanja ngakhale suiona, ndipo chapafupi pali malo ofufuzira zaulimi a Chitala. Koma abale, malo ano ali ndi mbiri.

Midzi yambiri imayamba ndi gogo amene anadula mtengo woyamba. Sikimu ya Chinguluwe inayamba ndi mapu. Mu 1968 boma la Kamuzu, ndi thandizo la West Germany, linayambitsa chitukuko cha ulimi m'mbali mwa nyanja ku Salima. Nthaka inapimidwa, minda inadulidwa, anthu ochokera kwina, kuphatikizapo Apayoniya, anapatsidwa malo. Mbewu yake inali imodzi yaikulu: thonje. Alangizi analipo, ngongole inalipo, ndipo kuyambira 1971 wogula anali ADMARC. Njanji inali itafika kale ku Salima mu 1935.

Tisanamizane, sunali ufulu weniweni. Mtengo ankaunena ndi wogula yekhayo, mlimi n'kungoti zikomo bwana. Komabe ankadziwa kumene thonje lake lipite.

Kenaka mizati inayamba kuzuka umodziumodzi. Mlendo ndi mame, Majeremani anapita. Mu 1987 boma linalola amalonda wamba kugula mbewu kwa alimi, ADMARC n'kuyamba kufooka. Mu Disembala 1993 asilikali analanda zida Apayoniya, gululo n'kutheratu.

Anatsala ndani? Anthu. Ana a alendo aja anabadwira pompano, anakwatirana pompano, makolo awo anaikidwa m'manda a pompano. Chimene akatswiri sanachilembe pa mapu ndicho chakhalitsa.

Pobwerera madzulo ndinkadzifunsa: ife a m'tauni, amene timavala kaunjika wochokera kutsidya kwa nyanja zamchere, tinayamba taganizapo za dzanja limene linathyola thonje pansi pa dzuwa limeneli? Mukamathamangira chambo ku Senga Bay, tapatukaniko tsiku lina. Mbiri ya dziko lino sili ku Zomba kokha ayi.