Makalata a Kampani Amagona Kuti? Mbiri ya Imelo ndi Kalendala Zapalendi

Ofesi iliyonse masiku ano, kaya ndi banki kaya ndi kabungwe ka anthu asanu, yatsamira pa zinthu ziwiri zomwe eni ake saziganizira kawirikawiri: bokosi la imelo ndi kalendala ya misonkhano. Mapangano a malonda ali m'menemo, madandaulo a makasitomala ali m'menemo, ngakhale mikangano ya mabwana ili m'menemo. Koma mukafunsa mwini kampani kuti makalata onsewa amagona kuti ofesi ikatsekedwa madzulo, ambiri amaloza laputopu yawo. Laputopu ija ndi zenera chabe. Makalatawo ali pa seva, kompyuta yosazima usana ndi usiku, ndipo pa zaka 60 zapitazi seva imeneyi yakhala ikusamukasamuka mpaka kukathera m'nyumba ya munthu wina.

Chiyambi chake chinali chaching'ono. Mu 1965, ku sukulu ya MIT ku America, Tom Van Vleck ndi Noel Morris analemba pulogalamu yoti anthu ogwiritsa ntchito kompyuta imodzi yaikulu azisiyirana uthenga. Kalatayo sinkatuluka m'makinawo. Mu 1971 Ray Tomlinson, wa kampani ya BBN, anatumiza uthenga kuchokera pa kompyuta ina kupita pa inzake kudzera pa netiweki ya ARPANET, ndipo anasankha chizindikiro cha @ kuti chilekanitse dzina la munthu ndi dzina la makina osunga kalata yake. Mpaka lero adiresi ya imelo imanena zinthu ziwiri zomwezo: kumanzere mwini kalata, kumanja mwini malo.

Makampani anaidziwa bwino imelo kudzera mwa IBM, yomwe mu 1981 inayamba kugulitsa PROFS. Iyi inali imelo ndi kalendala pamodzi, pa kompyuta yaikulu yokhala m'chipinda chozizira cha kampaniyo, yosamalidwa ndi akatswiri olembedwa ntchito pomwepo. PROFS inatchuka chifukwa cha mlandu. Mu November 1986, nkhani ya Iran-Contra itaphulika ku America, Oliver North ndi John Poindexter a ku White House anafufuta mauthenga ambirimbiri a mu PROFS poganiza kuti umboni watha. Iwo sanawerengere matepi omwe akatswiri a makinawo ankakoperapo zonse nthawi ndi nthawi. Ofufuza anawapeza matepiwo, mauthenga aja n'kuwerengedwa poyera. Dziko linaona kuti kalata ya pa kompyuta imamvera wosunga makina kuposa woilemba, ndipo ine ndikuona kuti mbiri yonse yotsatirayi ikuzungulira pa mfundo imeneyi.

M'zaka zomwezo akatswiri anagwirizana za njira zoyendetsera makalata. Jon Postel anafalitsa SMTP mu 1982, yomwe mpaka pano ndiyo imanyamula imelo kuchoka pa seva ina kupita pa ina. POP inabwera mu 1984, IMAP ya Mark Crispin wa ku Stanford mu 1986. Kusiyana kwa ziwirizi n'kofunika. POP imatenga kalata pa seva n'kuisiya mu kompyuta yanu. Hadidisiki ikafa, makalata afanso. IMAP imasiya kalata pa seva, inu n'kumaiona kuchokera kulikonse. Aliyense amene amawerenga imelo imodzi pa foni ndi pa laputopu akutsatira maganizo a Crispin, ndipo maganizo amenewa ndiwo anatsegula njira ya lendi.

Makompyuta a patebulo atachuluka, seva inatsika kuchoka ku likulu la kampani n'kulowa m'kachipinda kakuseri kwa ofesi iliyonse. Lotus Notes inatuluka mu 1989, ndipo IBM inagula kampani ya Lotus mu 1995 pa madola 3.5 biliyoni. Microsoft inayankha ndi Exchange Server mu 1996, kenako Outlook mu 1997. Chomwe chinakopa mabwana sichinali imelo yokha ayi, chinali kalendala. Kale, kuitanitsa msonkhano wa anthu khumi inali ntchito ya sekilitale tsiku lonse, kuimba foni ofesi ndi ofesi, dayale ili pamiyendo. Tsopano munthu ankangolemba mayina a oitanidwa, pa sikirini n'kuoneka mizere yosonyeza amene watanganidwa ndi amene ali ndi mpata. Woitanidwa akadina kuti wavomera, msonkhano ukudzilemba wokha mu kalendala yake, chipinda chochitira msonkhano nachonso chasungidwa. Kuti zimenezi zitheke, makalendala a anthu onse ayenera kukhala pa seva imodzi. Imelo munthu angathe kuisunga payekha, koma kalendala ya ofesi ndi ya gulu. Mu 1998 kunabwera iCalendar, kafayilo kothera ndi .ics, kothandiza kuti kuitana kwa msonkhano kuzitha kuwoloka kuchoka ku kampani ina kupita ku ina.

Kusunga seva panyumba kunali ndi thukuta lake. Pankafunika munthu wosintha matepi tsiku lililonse, woika zigamba za chitetezo, wodzuka pakati pa usiku disiki ikadzaza. Mu March 1999 vayirasi ya Melissa inkadzitumiza yokha kwa anthu 50 oyambirira a m'buku la maadiresi la Outlook, ndipo makampani akuluakulu anakakamizika kutseka imelo zawo. Chaka chotsatira, mu May 2000, ILOVEYOU inachitanso zomwezo padziko lonse. Pamwamba pa izi panali sipamu, yomwe inkachuluka chaka ndi chaka. Kampani yogulitsa simenti kapena yowerengera ndalama inadzipeza ikulipira katswiri ndi makina kuti ichite ntchito yomwe si malonda ake.

Anthu wamba anali atalawa kale njira ina. Hotmail ya Sabeer Bhatia ndi Jack Smith inatsegulidwa pa 4 July 1996, imelo yowerengedwa pa intaneti popanda kuika pulogalamu iliyonse, ndipo Microsoft inaigula kumapeto kwa 1997. Cha m'ma 2000 makampani ena anayamba kuchititsa lendi Exchange: seva ili kwa iwo, kasitomala akulipira pamwezi pa bokosi lililonse. Poyamba malondawa anayenda mokwawa, popeza intaneti inali yochedwa ndipo mabwana ankaopa kusiya zinsinsi zawo kwa mlendo. Mafoni ndiwo anasintha mitima. BlackBerry inayamba mu 1999 kufikitsa imelo ya kuntchito m'thumba, ndipo bwana amene wazolowera kuyankha makalata ali pa bwalo la ndege safunanso kumva kuti seva ya ku ofesi yazima.

Kenako Google inagwedeza msika. Gmail inatuluka pa 1 April 2004 ndi malo a 1 GB aulere, pamene Hotmail inkapereka 2 MB yokha. Google Calendar inatsatira mu April 2006, ndipo mu August chaka chomwecho kampaniyi inalola mabungwe kugwiritsa ntchito zonsezi pansi pa dzina lawolawo. Mu February 2007 inaika mtengo wa makampani: madola 50 pa munthu pachaka. Mzinda wa Los Angeles utasankha mu 2009 kusamutsira imelo za ogwira ntchito ake ku Google, zinaonekeratu kuti lendi si ya timakampani ting'onoting'ono tokha. Microsoft, yomwe inkadya bwino pogulitsa ma seva a Exchange, inavomera kupikisana ndi malonda ake omwe, ndipo inatsegula Office 365 pa 28 June 2011. Panalinso ena monga Zimbra, yomwe Yahoo inagula mu 2007 pa madola 350 miliyoni, ndi Zoho ya ku India, koma msika waukulu unatsala m'manja mwa awiri aja. Mayina asintha, lero timati Google Workspace ndi Microsoft 365, koma malonda ake ndi omwewo.

Mmene zimayendera n'zosavuta kumvetsa kwa aliyense amene anachitapo lendi bokosi ku positi ofesi: kiyi ndi wanu, nambala ndi yanu, koma nyumbayo ndi ya a positi, ndipo mukaleka kulipira amatseka. Kusiyana kwake n'kwakuti pa imelo adiresi mungathe kusamuka nayo. Dzina la kumanja kwa @ lija, domeni, limalembetsedwa padera, ndipo lili ndi kamzere kotchedwa MX komwe kamauza ma seva a padziko lonse kumene akatule makalata anu. Mukasintha kamzere kameneka, makalata atsopano amayamba kupita kwa wosunga wina m'maola ochepa. Mphamvu yonse ya kasitomala ili pa kamzereka, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mabungwe ambiri sadziwa n'komwe kuti domeni yawo inalembetsedwa m'dzina la ndani. Nthawi zambiri imakhala m'dzina la mnyamata amene anakonza webusaiti kalekale, yemwe pano foni yake siipezeka.

Ku Malawi imelo inafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kudzera pa FidoNet ku Chancellor College ku Zomba, komwe makalata ankasonkhanitsidwa kaye kenako n'kutumizidwa onse pamodzi pa lamya. Kwa ife chifukwa chochitira lendi n'champhamvu kuposa kwa a ku Ulaya, ndipo chifukwacho ndi magetsi. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku. Seva ya m'kachipinda imafuna jenereta, dizilo ndi choziziritsira. Ikazima, makalata a makasitomala amadikira panja kapena kubwerera. Ya lendi imalandirabe makalata ngakhale ofesi yonse ili mumdima, ndipo munthu amawawerenga pa foni. Koma lendiyo ndi ya madola. Kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bilu ya imelo inakwera usiku umodzi popanda bokosi ngakhale limodzi lowonjezera, ndipo kupeza ndalama zakunja zolipirira ndi vuto lina palokha. N'chifukwa chake timaonabe makampani olembetsedwa bwinobwino akutumiza makoteshoni kuchokera pa Gmail yaulere ya wogwira ntchito mmodzi, yemwe akasiya ntchito amapita ndi makalata onse a kampani.

Funso la malamulo linabwera mochedwa koma mwamphamvu. Mu 2013 boma la America linalamula Microsoft kupereka imelo za kasitomala wina zomwe zinali pa seva ku Dublin, ku Ireland. Kampaniyo inakana, mlandu unafika ku khoti lalikulu la dzikolo, koma usanagamulidwe aphungu anakhazikitsa CLOUD Act mu March 2018. Lamuloli limati kampani ya ku America iyenera kupereka zomwe yasunga kulikonse kumene zili. Choncho ngakhale Microsoft inatsegula malo osungira deta ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, kuyandikira kwa seva sikunachotse dzanja la khoti la ku America. Malawi nayo ili ndi lamulo loteteza deta la 2024, ndipo bungwe losunga mbiri za odwala kapena za ngongole za anthu silingazembe udindo ponena kuti seva si yake.

Zaka zitatu zotsatizana zinayesa njira zonse. Mu March 2021 Microsoft inalengeza kuti gulu lomwe inalitcha Hafnium lapeza ming'alu mu Exchange yosungidwa m'maofesi, ndipo ma seva zikwizikwi padziko lonse anathyoledwa eni ake asanaike zigamba. Omwe anali pa lendi kwa Microsoft sanakhudzidwe, ndipo ambiri anati nkhani yatha, lendi yapambana. Lachisanu pa 2 December 2022, makasitomala a Hosted Exchange ya Rackspace, kampani ya ku San Antonio ku Texas, anadzuka n'kupeza Outlook ikukana kulumikiza. Gulu la akuba lotchedwa Play linali litalowa ndi ransomware, pulogalamu yotseka mafayilo pofuna dipo. Maloya, madokotala ndi owerengera ndalama anakhala opanda makalata akale, opanda kalendala, osadziwa kuti Lolemba akumana ndi ndani. Rackspace inawalangiza kusamukira ku Microsoft 365, ena anadikira milungu kuti alandire makalata awo akale, ndipo ntchito ya Hosted Exchange ija sinatsegulidwenso. Amene anali ndi ulamuliro pa domeni yawo anasintha MX n'kuyambanso kulandira makalata msanga. Mu 2023 nyumba yaikulu ya Microsoft nayo inabooledwa: gulu la Storm-0558 linawerenga imelo za akuluakulu a boma la America pa Exchange Online, kuphatikizapo za nduna ya zamalonda ya panthawiyo Gina Raimondo, ndipo komiti ya boma yofufuza inanena mu April 2024 kuti zimenezi zikanapeweka.

Ena abwerera m'mbuyo mwadala. Boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany linachotsa Exchange ndi Outlook mu 2025 n'kuika Open-Xchange ndi Thunderbird, pofuna kuti makalata a boma akhale m'manja mwa boma. Iwo ali ndi akatswiri ndi ndalama zochitira zimenezo. Kwa kampani ya anthu 20 ku Limbe kapena ku Chipata, ine ndikuti lendi ndiyo njira yanzeru, makamaka pano pomwe Microsoft inasiya kupereka zigamba za Exchange 2016 ndi 2019 pa 14 October 2025. Seva yakale yosiyidwa m'kachipinda popanda woisamalira ndi yoopsa kuposa lendi iliyonse. Chomwe ndikukana ndi maganizo akuti ukalipira pamwezi ndiye kuti udindo wonse wapita kwa wolandira ndalamayo. Inu amene muli ndi kampani kapena mukutsogolera bungwe, itanani wa IT sabata ino akuonetseni chikalata chosonyeza kuti domeni ili m'dzina la bungwe lanu, komanso akutsegulireni pamaso panu kope ya makalata ndi kalendala yosungidwa kwina, kunja kwa nyumba ya amene mumamulipira lendi.