Ng'ombe Yapagoli ndi Msuzi wa Bulgogi

Mu ufumu wa Joseon, womwe unayamba kulamulira Korea mu 1392, ng'ombe inali ya kumunda. Ndiyo inkagawula minda ya mpunga, motero mafumu ankaletsa kuipha, ndipo ankabwereza lamuloli kawirikawiri chifukwa anthu okhupuka sankalimvera. Ng'ombe yofika pa mpeni nthawi zambiri inali itatha zaka ili pagoli, nyama yake ili gwa. Ine ndimaona kuti msuzi wonyikamo bulgogi, nyama yowotcha ya ku Korea, unabadwira pamenepa. Ophika ankalimbana ndi kulimba kwa nyama, kukoma kunkadza pambuyo.

Kudya nyama kumene kunali kutazilala mu ufumu wa Goryeo, womwe unalamulira wa Joseon usanabwere, pamene Chibuda chinali ndi mphamvu, mpaka a Mongol, anthu oweta ziweto, atalowa m'dzikomo ndi nkhondo kuyambira mu 1231. Olemba mbiri ena amakokera chiyambi cha bulgogi kutali kwambiri, ku nyama yotunga pa kamtengo yotchedwa maekjeok ya nthawi ya ufumu wakalekale wa Goguryeo. Ine mtima wanga umatsamira pa zimene zinalembedwa ndi anthu ogwira mpeni.

Mmodzi wa iwo ndi mayi Yi Bingheogak, amene mu 1809 analemba buku la ntchito za pakhomo lotchedwa Gyuhap chongseo. M'nthawi yawo nyama ankaisasantha ndi msana wa mpeni, n'kuidzoza mafuta ndi zokometsera, n'kuiika pa makala. Ikayamba kupsa ankaiviika m'madzi ozizira, kenako n'kuibwezera pamoto, kuti mkati mupse kunja kusanapserere. Ku nyumba yachifumu ndi m'makomo a olemera a ku Seoul ankailenga mopyapyala ndi motambalala, n'kumaitcha neobiani.

Gwero la msuziwo linali pabwalo, m'mitsuko ikuluikulu yadothi. Amayi ankaphika soya, kumusinja, kumuumba ngati njerwa, n'kumupachika kuti aume ndi kuchita nkhungu. Kenako ankamumiza m'madzi amchere kwa milungu yambiri. Madzi akuda otuluka pamenepo ndiwo ganjang, msuzi wa soya. Banja lililonse linali ndi kakomedwe kake, ndipo mwambowu UNESCO inauzindikira mu 2024. Zimandikhudza kuti chinthu chimene ine ndimangotsanula m'botolo chinkadya ntchito ya nyengo yathunthu.

Kutsekemera kumene ambiri timakudziwa lero n'kwa posachedwapa. Kale shuga anali wosowa, uchi unali wa opeza bwino. Nkhondo ya ku Korea itangoima mu 1953, kampani ya CheilJedang inayamba kupanga shuga ku Busan, ndipo pang'ono ndi pang'ono analowa m'makhitchini a anthu wamba. Makina olengera nyama anafala, msuzi wa soya wa m'fakitale nawo unachuluka. Malo odyera a ku Seoul, monga Hanilkwan, anatchukitsa bulgogi wa msuzi wambiri, wophikira pa chiwaya chotukuka pakati, msuzi n'kumatsikira m'mbali kuti anthu asakanize ndi mpunga. Kanyama kochepa kankakwanira banja lonse.

Pakhomo panga ndimasakaniza msuzi wa soya, adyo wosinja, anyezi, mafuta a chitowe, tsabola wakuda ndi shuga pang'ono chabe. Chimene sindisiya ndi chipatso. Anthu a ku Korea amapala bae, chipatso chozungulira chamadzi ambiri chomwe chimalimidwa kwambiri ku Naju, pakuti madzi ake amafewetsa nyama mofatsa. Chikasowa ndimathira kachidutswa ka papaya, koma iye ndi waukali, sachedwa kusandutsa nyama phala, choncho theka la ola limakwana.

Si onse ku Korea amene anatengeka ndi kunyika nyama usiku wonse. Ku Gwangyang, kum'mwera kwa dzikolo, amaithira zokometsera nthawi yomweyo yowotcha, n'kuiyala pa waya pamwamba pa makala a mtengo wolimba. Ndikapeza nyama yabwino, ya ng'ombe yomwe sinalawepo goli, njira yawoyi ndi imene ndimatsata.